Ng'ombe ikaoloka malire, mlandu umapita kuti?

Ng'ombe yobedwa usiku kwa Ndamera kumacha ili kale m'dziko lina. Pa Marka pali chipata choyang'anizana ndi Vila Nova da Fronteira, koma wakuba sadzera pachipata. Amadula m'tchire kulowera ku Mutarara, kapena kuolotsa Shire kupita ku Morrumbala. Mbali zonse ziwiri anthu ndi amodzi, Chisena chimodzi, maukwati amodzi. Chosiyana ndi kumene wodandaula amakatula nkhawa zake.

Ku Mozambique lamulo la 1992 linakhazikitsa mabwalo a m'midzi. Oweruza ake amasankhidwa ndi anthu a m'deralo ndipo safunika kukhala ophunzira zamalamulo. Amamva nkhani za m'banja, ngongole ndi timilandu ting'onoting'ono. Zilango zake n'zodziwika: kudzudzulidwa pagulu, chindapusa, kubweza zomwe waononga, kapena kugwira ntchito yothandiza mudzi masiku osapitirira 30. Kutsekera munthu m'ndende sangathe, ndipo nkhani ikawakulira amaitumiza kukhoti la boma. Vuto lake n'lakuti oweruzawa boma siliwalipira, amadalira kandalama ka odandaula, ndiye wolemera salephera kupendeketsa bwalo. Ambiri amawaonanso ngati anthu a chipani cha Frelimo.

Kwathu mabwalo a mafumu anatha m'zaka za demokalase, ndipo panali chifukwa: ndi amene anagamula kuti Orton Chirwa anyongedwe mu 1983. Mu 2011 aphungu anavomereza lamulo la mabwalo ang'onoang'ono, koma mabwalowo sanatsegulidwe. Nyakwawa imayanjanitsa anthu, inde, koma kuba ndi mlandu wa polisi ndi majisitireti. Apa ndi pamene zinthu zimaduka. Mboni yochokera ku Makhanga imalipira bwato ndi kabaza kuti ikafike kukhoti, n'kumva kuti mlandu waimitsidwa. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu siibwera, umboni umasowa, woganiziridwayo amatuluka. Kumudzi amati apolisi adya, ndiye wotsatira akagwidwa anthu amafunsa petulo m'malo mwa polisi.

Pa ufulu wa womangidwa Malawi ili ndi zida zabwino, kungoti anthu sazidziwa. Gawo 42 la malamulo aakulu limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo belo si kukhululukidwa, mlandu umakhalapobe. Akomiti achitetezo cha m'mudzi akanamafotokoza mfundo imodzi yokhayi pamisonkhano, mkwiyo wambiri ukanazirala. Kuyambira 2000 alangizi a zamalamulo a PASI amalowa m'ndende kufufuza amene akhalitsa pa rimandi, ndipo majisitireti amatha kukamvera milandu kundende komweko.

Achitetezo a m'midzi alipo mbali zonse, ndipo matenda awo ndi amodzi: amalonda usiku osalandira kanthu, opanda tochi kapena njinga. Ena amayamba kulipitsa anthu pamsewu kapena kumenya wogwidwa. Ntchito yawo ndi kugwira n'kupereka kupolisi, basi.

Ife tikuona kuti Mozambique inachita bwino kuika bwalo pafupi ndi munthu, ndipo Malawi ikanatsegula ake koma ndi malipiro a oweruza, kaundula wa zigamulo ndi njira ya apilo.

Pakali pano mwini ng'ombe adziwe kuti wapolisi wa ku Nsanje sangamange munthu ku Mutarara. Amadziwitsa anzake a PRM, apolisi a ku Mozambique, ndipo uthengawo ukachedwa tsiku limodzi ng'ombe imakhala yasanduka nyama. Kanenani m'mawa womwewo, kwa nyakwawa ndi kupolisi. Tchulani mtundu, kapindikidwe ka nyanga, chizindikiro cha pakhutu, ndipo chithunzi cha pafoni chimaposa mawu onsewa. Wogula pamsika wa Bangula kapena Ngabu naye afunse kalata ya mfumu ndi chilolezo cha alangizi a ziweto asanatulutse ndalama, chifukwa wopezeka ndi ng'ombe yakuba ndi amene amayamba kugona m'chitokosi.