Zapateado ya Sarasate musaiyike pa sync chonde

Anzanga ma DJ, nkhani iyi yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira Loweruka ndiye ndangoti ndiyitule pano. Banja lina linandipempha kuti pa ukwati wawo, akwati akamalowa mu holo ndiyambe ndi vayolini ya ku Spain kenako ndilowetse biti anthu ayambe kuvina. Nyimbo anasankha okha, Zapateado ya Pablo de Sarasate, poti mkwatibwi ankaphunzira vayolini ali wamng'ono ndipo amaikonda koopsa.

Kwa amene simumudziwa, Sarasate anabadwira ku Pamplona mu 1844, anaphunzira ku Paris, anamwalira ku Biarritz mu 1908, ndipo pa vayolini anali dolo weniweni. Zapateado ili m'gulu la magule a ku Spain omwe analembera vayolini ndi piyano, Op. 23 nambala 2. Dzinalo lachokera ku zapato, kutanthauza nsapato, chifukwa ndi gule woponda pansi ndi zidendene, phazi ndiye ng'oma yake.

Ndiye ndinaiponya mu laputopu ngati mwa nthawi zonse kuti indiuze kiyi ndi BPM, kutanthauza kuti biti ikugunda kangati pa mphindi. Za kiyi palibe mlandu, nyimboyi ili mu A major, pa Camelot, tchati chomwe ma DJ timaonerapo makiyi ogwirizana, ndi 11B, ndiye anansi ake ndi 10B, 12B ndi 11A, kunena kuti D major, E major ndi F sharp minor. Ndipo A major pa vayolini imalira bwino kwambiri chifukwa zingwe zake ndi G, D, A ndi E, ziwiri za pamwambazo zimangoyankha zokha osagwidwa n'komwe, n'chifukwa chake nyimboyi imawala chonchija.

Koma BPM ndi pomwe ndikufuna tikambirane, chifukwa ambirife tafika pokhulupirira nambala ya pa sikirini kuposa makutu athu. Zapateado ili mu 6/8, osati 4/4 ya amapiano kapena house. Mu bala imodzi muli timanoti sikisi togawidwa patatu patatu, phazi limagunda kawiri. Tinene kuti phazi likugunda ka 120 pa mphindi, timanoti tating'onoto tikhala 360, ndipo mashini akawerenga tiwiri tiwiri akupatsani 180. Manambala atatu pa nyimbo imodzi, ndiye inu mutenga iti? Mukatenga 180 uja n'kuika kiki, ng'oma yaikulu ya biti ija, pansi pake, kiki ikugwa pena vayolini ikutsindika pena, zimangokhala ngati anthu awiri akusinja mu mtondo umodzi koma aliyense ndi nthawi yake.

Kuonjezera apo woimba vayolini si mashini. Amathamanga, amakoka, amapuma kanthawi asanakwere pamwamba, wa piyano n'kumamudikira, amati rubato. Mu Zapateado muli malo oti amakhwatula zingwe ndi zala za kumanzere uta ukugwirabe ntchito, muli timawu tija toonda ngati likhweru, ndipo woimba aliyense amadutsa malo amenewo pa liwiro lake. Ndinamvera ma rekodi angapo, ngakhale kutalika kwake kumasiyana. Ndiye giridi, timizere tosonyeza pogwera biti, yomwe mwakonza pa masekondi khumi oyamba, pofika pakati yasochera kalekale. Ena amati ingoiwongolani noti iliyonse ikhale pa mzere, ine izi zimandipweteka zedi, chifukwa kukoka ndi kuthamanga kumeneko ndiye nyimboyo, mukachotsa mwatsala ndi chiyani?

China chomwe sitilabadira, mukakweza liwiro ndi 6% popanda key lock, yomwe imagwira kiyi kuti isasinthe, kiyi yakwera pafupifupi semitone yathunthu, A uja wasanduka B flat, 11B yapita 6B, ma pulani onse a Camelot athera pomwepo. Mukayatsa key lock n'kukoka kwambiri, vayolini imayamba kumveka ngati ikuimbira m'madzi, makamaka pa manoti aatali. Komanso si onse amachuna A pa 440 Hz, muyeso wa kukwera kwa mawu, magulu ambiri a ku Ulaya amakwera 442 kapena 443, kusiyana kochepa koma mukasanjikiza ndi kiyibodi khutu limamva kuti china chake chikukwekwesa. Sarasate mwini wake anajambula Zapateado mu 1904, kaimvereni, phokoso la mbale yakale lilipo koma muona momwe munthu ankathamangira ndi nyimbo yake.

Ndipo kiyi imodzi yolembedwa pambali pa dzina la nyimbo zamtunduwu isamakupusitseni. Nyimbo ina ya Sarasate, Zigeunerweisen ya 1878, imayamba mu C minor pang'onopang'ono, 5A, n'kukathera mu A minor pa liwiro loopsa, 8A. Amene wakupatsani kiyi imodzi ndi BPM imodzi pa nyimbo imeneyo wangokuuzani za chidutswa chabe.

Zomwe ndinachita ine Loweruka n'zophweka. Ndinazimitsa sync, kabatani kaja kogwirizanitsa liwiro la nyimbo ziwiri, Zapateado ndinaisiya iyende yokha kuyambira poyamba mpaka pamapeto, sindinaikepo ng'oma ngakhale imodzi, ndi mphindi zitatu ndi kenakake basi, anthu sangatope. Kunyumba ndinali nditakhala masiku awiri kufufuza nyimbo yakwathu yomwe ili mu A major komanso yoyenda patatu patatu, ndipo apa ifeyo tili ndi mwayi chifukwa kayendedwe kameneko kali m'magule athu ambiri, miyendo yathu imakadziwa kale. Vayolini itamenya manoti omaliza ndinasiya kampata kakang'ono ngati ka kupuma kamodzi, kenako ndinatsegula ng'oma ndi dzanja. Azimayi a kuchikazi anayamba nthungululu pomwepo, mkwatibwi anali akupukutabe misozi koma phazi lili mkati kale.