Voti ya Malawi ku New York ndi basi ya ku Joni

Pa 18 September 2024 mayiko anafunsidwa ku likulu la United Nations ku New York ngati dziko la Israel liyenera kuchoka m'madera a Apalestina amene lakhala likuwalamulira ndi mfuti kuyambira 1967. Mayiko 124 anati lichoke. Mayiko 43 sanavotere mbali iliyonse. Mayiko 14 anakana, ndipo mwa 14 amenewo la mu Africa linali limodzi lokha, Malawi. Tinaima mzere umodzi ndi America, Israel, Hungary, Argentina ndi tizilumba ta m'nyanja ya Pacific monga Nauru ndi Tuvalu. Aneba athu onse, Zambia, Mozambique ndi Tanzania, pamzerewo panalibe.

Pa gulu lathu la WhatsApp la anthu akwathu okhala kuno ku Joni, nkhaniyi ikangoyamba sipalephera achimwene ena olemba kuti, "Za Gaza ife zikutikhudza chiyani? Ife tikulira mapepala kuno." Ndimawamvetsa. Munthu woyenda mu Hillbrow maso ali cheucheu kuopa vani ya apolisi, nthawi ya ndale za dziko lapansi aipeza kuti? Koma maganizo anga ndi akuti chimene chinavotetsa nthumwi yathu ku New York ndi chomwecho chimene chinatikweza ife basi pa Wenela mu Blantyre.

Tangoonani mwezi umodzi, November 2023. Kumayambiriro kwake kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ife otumiza ndalama kumudzi tinaona randi ikulemera pafoni n'kumwetulira, mpaka amayi anaimba kuti sopo, mafuta ophikira ndi feteleza zonse zakwera, ndalama ija siikukwananso. Patangopita masiku ochepa, bungwe la IMF linavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Mwezi usanathe, achinyamata 221 anakwera ndege ku Lilongwe kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ya ku Gaza ili mkati, kukatseka mpata wa antchito a ku Thailand amene anathawa ndi wa Apalestina amene analandidwa ziphaso zogwirira ntchito. Mu April 2024 tinatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Mu September, voti ija. Sipafunika kuti wina achite kukuimbira foni kukuuza mbali yoti uvotere. Tenanti wa pa esiteti ya fodya, amene chimanga chodya, feteleza ndi mankhwala a mwana anatenga pangongole kwa bwana, sangakaime pabwalo la mfumu kuchitira umboni wotsutsa bwana yemweyo. Boma lathu ndi tenanti ameneyo.

Achinyamata anapitawo sindikuwanena. Wa digiri amene wakhala pakhonde la makolo chimalizireni sukulu, ukamuuza kuti kuli malipiro a madola, akwera ndege ngakhale mizinga ikulira. Ife tomwe tinadutsa pa Beitbridge si kuti tinabwera kudzaona malo. Amene ndikuwanena ndi amene anaona kuti katundu wotsala woti dziko ligulitse ndi ana ake, n'kumadzitama pa wailesi kuti apezera achinyamata mwayi.

Ndipo si zachilendo. Mukamayenda pa M2 kapena polowera ku Soweto, zimilu za dothi lachikasu mumaziona zija ndi zotsalira za migodi ya golide, ndipo gawo lina la dothi limenelo linafukulidwa ndi agogo athu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno, olembedwa ndi Wenela. Agogo anga aamuna anabwerako ndi bokosi lachitsulo, bulangete lolemera, njinga ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka tinawaika. Bokosilo likadalipo, amayi amasungiramo mbewu ya mtedza. Gawo lina la malipiro a anthu amenewa linkasungidwa n'kukalandiridwa kumudzi, kotero boma linkapeza ndalama zakunja kudzera m'mapapo awo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu anaimitsa kulemba anthu, koma patapita zaka zochepa Theba, imene inalowa m'malo mwa Wenela, inayambiranso. Mpaka lero kuli nkhalamba m'midzi zimene zikusungabe timapepala ta Theba mu jumbo, kudikira ndalama zawo.

Nanga nthawi imeneyo tinkaima mbali iti? Mu 1967 Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la Pretoria, pamene mayiko ena a anthu akuda ankalisala. John Vorster anabwera ku Malawi mu 1970, Kamuzu anabwera kuno mu 1971, ndipo mzinda wa Lilongwe unayamba kumangidwa ndi ngongole ya boma lomwelo. Chaka chomwecho cha 1971, khothi la dziko lonse la ku The Hague linanena kuti South Africa akukhala mu Namibia mosatsata malamulo ndipo achoke. Sanachoke. Zinatengera nkhondo ya SWAPO, gulu lomenyera ufulu wa Namibia, magazi a anthu a ku Angola ndi a ku Cuba, ndi zimene zinachitika ku Cuito Cuanavale mu 1987 ndi 1988, kuti Namibia alandire ufulu mu 1990. Zaka zonsezo ife tinali kumbali ya wolanda dziko la eni, chifukwa ndiye ankalemba anthu athu ntchito ndi kutibwereka ndalama. Mu July 2024 khothi lomwelo linanenanso zofanana pa nkhani ya Israel ndi madera a Apalestina. Patatha miyezi iwiri tinabwereza zathu zija.

Chimene chimandiwawa n'choti ife tikudziwa bwino mmene zimakhalira asilikali achilendo akakhala pamudzi pako. Pa 3 March 1959 asilikali a chitaganya anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay, osachepera 20 anafera pomwepo, ndipo chaka chilichonse timapuma tsikulo kuwakumbukira. John Chilembwe, amene nkhope yake timaipinda m'thumba pa ndalama yathu, analemba kalata ku Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti amphawi achikuda akukafera nkhondo ya azungu imene sakudziwa n'komwe chiyambi chake. Munthu ameneyo timamuimbira nyimbo pa 15 January, kenako n'kukavota kuti anthu ena apitirize kukhala pansi pa mfuti.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife timati tikamva dzina la Israel timaganiza za Baibulo. Inenso ndimapemphera, ndipo Lamulungu mumandiona. Koma boma la Benjamin Netanyahu ndi boma la andale ngati lina lililonse, lili ndi zipani, akazitape ndi makampani a zida. Bethlehem ali ku West Bank, ndipo Mkhristu wa Chipalestina wa kumeneko amafunika chiphaso ndi kudutsa pa chipata cha asilikali kuti akapemphere ku Jerusalem, mtunda umene sufika n'komwe kuchokera pa Park Station kupita ku Soweto. Ife amene timafunsidwa pasipoti ndi mwana wapolisi pa Bree, chinthu chimenechi tiyenera kuchimva msanga kuposa wina aliyense. Kupha anthu wamba kumene Hamas inachita pa 7 October 2023 kunali kulakwa koopsa, sindikubisa. Kumeneko sikusandutsa kugwetsa zipatala ndi kumana ana chakudya kukhala chilungamo.

Anthu ena amati umphawi wathu ndi tsoka chabe, dziko lopanda nyanja yamchere, lopanda golide. Ine ndimakana. Atsamunda anaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama kuti mwamuna achoke pamunda pake akagwire thangata kapena alowere ku Halale ndi ku Joni. Nyasaland anapangidwa dala kukhala nkhokwe ya antchito ndi munda wa fodya ndi tiyi. Titalandira ufulu mu 1964 mbendera inasintha, katundu wogulitsa sanasinthe. Kuyambira 1981 World Bank ndi IMF anayamba kutipatsa ngongole zokhala ndi malamulo: chepetsani misika ya ADMARC, chotsani sabuside ya feteleza, gulitsani makampani a boma, tsegulani malire. Mafakitale a nsalu anafooka, kaunjika anadzaza misika. Cha m'ma 2001 IMF inalangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chichepetsedwe pofuna kubweza ngongole, akuluakulu athu n'kugulitsa pafupifupi chonse, ndipo mu 2002 anthu anadya zitsa za nthochi ndi kufa ndi njala. Mpaka lero fodya ndiye amabweretsa gawo lalikulu la madola athu, koma mtengo pa okushoni ya Kanengo amautchula ndi ogula ochepa, mlimi amangoyang'ana.

Ndipo atsogoleri athu anaphunzitsidwa chimene chimachitika ukayankha mwano. Mu April 2011 Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet. Thandizo linadulidwa, madola anasowa, magalimoto anagona pamizere ya mafuta. Bingu anali ndi zolakwa zake zazikulu, ndipo anthu 20 amene anaphedwa pa zionetsero za 20 July sitingawaiwale. Koma phunziro limene aliyense wolowa ku State House anatolapo si lakuti usamaphe anthu ako, ndi lakuti usamakhumudwitse opereka. Joyce Banda atangolowa mu 2012 anagwetsa kwacha, thandizo linabwerera, Cashgate inaphulika mu 2013. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene chilichonse amangoti azungu. Kwathu kuli gulu la anthu, a MCP, UDF, DPP, PP, onsewo, limene limadya bwino pa dongosolo limeneli: alawansi ya misonkhano ya ku nyanja, makontirakiti oitanitsa feteleza ndi mafuta, madola ogula ku banki motchipa n'kukagulitsa pa msika wamseri. Wotereyu fakitale saifuna, chifukwa phindu lake lili pa kuitanitsa.

Pitani tsiku lina kumene amapakira mabasi opita kwathu, kufupi ndi Park Station, mukaime pambali muone. Zigubu za mafuta ophikira zomangidwa ndi selotepi, makatoni a sopo, matilesi opindidwa ndi chingwe, filiji yokutidwa ndi bulangete, chilichonse cholembedwa dzina la mwini ndi boma lakwawo ndi maka yakuda: Mangochi, Mzimba, Nkhata Bay. Mnyamata ali pa telela kukoka zikwama, wina pansi akukangana ndi wopakira za mtengo wa katundu. Ndalama imene tinaigwirira ntchito m'magadeni a ku Sandton ndi m'mashopu a ku Mayfair yabwerera m'masitolo a ku Joni komweku, ndipo kumudzi kukupita zinthu zimene dziko lolima soya, mpendadzuwa ndi thonje likanatha kupanga lokha. Timagulitsa thukuta motchipa, n'kugula zopangidwa modula.

South Africa anatengera Israel ku khothi la ku The Hague mu December 2023, ndipo analipira. Mu February 2025 Donald Trump anasaina lamulo lodula thandizo, n'kutchula mlandu umenewo ngati chimodzi mwa zifukwa zake, ndipo mwezi wotsatira kazembe Ebrahim Rasool anathamangitsidwa ku Washington. Koma mlanduwo sanauchotse. Si kuti andale a kuno ndi olimba mtima mwachibadwa kuposa athu. Ali ndi mafakitale, madoko ndi msonkho wokwanira kugula okha gawo lalikulu la mankhwala a ARV. Kwathu mankhwala amenewo amagulidwa ndi ndalama za mabungwe akunja. Ndiye musandimve ngati ndikutamanda boma la kuno ayi. Ndi dziko lomweli limene apolisi ake anapha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi ku Marikana mu 2012, lomwe limasunga abale athu ku Lindela kumene amatsekera anthu opanda mapepala, lomwe a Operation Dudula amaima pa zipata za makiliniki kubweza amayi oyembekezera chifukwa cha kalankhulidwe. Kulirira Gaza uku ukuthamangitsa mphawi wa ku Machinga, sizikugwirizana.

Anzanga a ndale zokomera anthu ogwira ntchito, amene timakumana ku misonkhano ya ku Braamfontein, nanunso ndili nanu mawu. Ena mwa inu mumati mukamva dzina la Putin mumaomba m'manja chifukwa choti ndi mdani wa America. Asilikali a Russia ali m'dziko la Ukraine popanda kuitanidwa, ndipo kumeneko ndi kulanda dziko la eni basi. Matani 20,000 a feteleza amene kampani ya ku Russia inapereka ku Malawi mu 2023 sanali chikondi, monganso nyumba ya malamulo imene China anatimangira titasiya Taiwan kumapeto kwa 2007. Morocco wakhala mu Western Sahara kuyambira 1975, ndipo mu 2021 Malawi anakatsegula ofesi ya ukazembe ku Laayoune, mkati mwa dera lolandidwalo. Kum'mawa kwa Congo, zigawenga za M23 zothandizidwa ndi Rwanda zinalanda Goma mu January 2025, asilikali a Malawi anafera komweko pamodzi ndi 14 a South Africa, pamene miyala ya coltan ya ku Rubaya ikutuluka kupita kukapangira mafoni amene tikuwerengerapo izi. Wolanda akakhala wakuda kapena mnzake wa China, sitimupatsa chikhululukiro.

Tsopano kwathu kwapezeka zimene ankati tilibe. Ku Kangankunde ku Balaka kuli miyala ya rare earth, ku Kasiya kuli rutile ndi graphite, ku Kayelekera kuli uranium imene inakumbidwa kale kuyambira 2009 mpaka 2014, anthu a ku Karonga akudziwa okha zimene anatsala nazo. Makampani onse atatu akuluakulu a malo amenewa ndi a ku Australia. Andale akamabwera kuno ku Joni kudzadya nafe nyama yowotcha ndi kupempha thandizo la kampeni, tisiye kungojambulitsa nawo zithunzi. Tiwafunse kuti mgwirizano wotumiza achinyamata ku Israel unalembedwa zotani, wovulala amalipidwa ndi ndani, komanso kuti pa migodi imeneyi boma litengapo zingati ndipo n'chiyani chidzayengedwe ku Malawi konko. Mapangano amenewo aikidwe poyera ku nyumba ya malamulo ndipo awerengedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao.