Hybrid kapena SSD? Maganizo anga

Dzulo mng'ono wanga wa ku Mzuni wandilembera: "Achimwene, laputopu yanga ikumayaka ngati mbaula ya makala onyowa. Wogulitsa wina akuti ndiikemo hybrid ya 1TB, wina akuti SSD ya 256GB. Nditani?" Ndamuyankha kumbali, koma ndaona kuti funso limeneli likuvuta ambiri, ndiye ndiliike pano. Zonse ziwiri ndi madiski osungira mafayilo mu kompyuta: SSD imasunga pa tizipangizo ta magetsi totchedwa flash, tomwe timawerenga msanga, pomwe hybrid ndi yosakaniza flash ndi hard disk.

Sindikunena za m'maluwa ayi, hybrid ndinakhala nayo zaka ziwiri. Ndi hard disk wamba yomwe ija, ya mbale yozungulira mkati, kungoti anaimatirira kachidutswa ka flash, kawirikawiri ka 8GB. Pa chikuto amalemba kuti SSHD. Seagate ndi amene anatchuka nazo, kuyambira Momentus XT ya 2010 yomwe inali ndi 4GB chabe, kudzafika pa FireCuda. Nzeru yake ndi yakuti diskiyo imaloweza zinthu zomwe mumatsegula pafupipafupi n'kuzisunga mu flash muja. Ndipo zoona, pakapita masiku Windows ndi Word zimayamba kutseguka msanga.

Vuto ndi lakuti chatsopano chilichonse sichikhala m'menemo. Chimachokera pa mbale, yomwe m'malaputopu ambiri imazungulira ka 5400 pa mphindi, kasingano n'kumayendayenda kufunafuna. Ine ntchito yanga ndi yokonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Loweruka lililonse ndi ukwati wina, mafayilo ena. Perekaniperekani yekha amapyola 8GB! Ndiye hybrid ija inkaloweza chiyani? Ndinkangokhala pansi, tiyi kuzizira ndi mphepo ya Mzuzu ino, kudikira kuti vidiyo itseguke, eni ukwati akuimba foni.

Kunena manambala, hard disk ya laputopu imawerenga cha m'ma 100MB pa sekondi, SSD ya SATA (yolumikiza ngati hard disk wamba) cha m'ma 500MB, pomwe ya NVMe (mtundu watsopano) imapyola 2000MB. Komabe chomwe chinandisinthitsa maganizo si liwiro. Tsiku lina ndinangopinda laputopu osaizimitsa bwino, ndaponya m'chikwama, ndakwera sacramento, njinga ya kabaza, kuchokera ku Chibavi. Mvula inali itakumba msewu. Titalowa m'dzenje lina chikwama chinamenya chitsulo cha njinga. Kufika kunyumba, kuyatsa, ndikungomva tche, tche, tche mkatimo. Ukwati wonse wa anthu unali momwemo. Mwamwayi makadi a kamera ndinali ndisanafufute, apo ayi ndikanasamuka mu mzinda uno usiku. Hybrid nayo ili ndi mbale ndi singano, imaopa kugwedezeka ngati inzake wamba. SSD ilibe choyenda mkati.

Kale SSD zikudula moboola m'thumba, hybrid inali ndi nzeru ndithu. Lero ayi. Mfundo yokhayo yomwe ogulitsa akunena zoona ndi ya malo: 256GB imadzaza msanga kwa wokonda mafilimu ndi magemu. Koma diski yakale yomwe mwachotsayo musataye. Igulireni kabokosi ka USB muzisungamo zolemera, kapena ngati laputopu ili ndi polowetsa DVD, pachotseni muikepo caddy, kachotengera koikamo diski yachiwiri, madiski akhale awiri. Windows ndi mapulogalamu pa SSD, nyimbo ndi zithunzi pa yakale.

Musanatulutse ndalama, tsegulani kunsi muone ngati makina anu amalandira ya SATA ya mainchi 2.5 kapena kaphanthi ka M.2, poti si onse ali ndi zonse ziwiri. Mukamagula yogwiritsidwapo kale, auzeni ayatse pulogalamu yoyezera diski ya CrystalDiskInfo pamaso panu, imaonetsa maola omwe diski yagwira ntchito. Akayamba kuzembazemba, nyamukani. China choti ndisabise, SSD ikamafa kawirikawiri sidwalika ngati hard disk yomwe imayamba yalira kaye. Mumangodzuka m'mawa kulibe. Ndiye pulojekiti ya chaka chomaliza izikhala malo awiri nthawi zonse, wamva iwe wa ku Mzuni?

Mng'ono wangayo ndamuuza atenge ya 256GB, ndipo ndalama zotsala asakadyere chipisi, awonjezere RAM, memore yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu, chifukwa 4GB yomwe ali nayo nayonso ikumupanikiza. Akubwera Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Sikuludilaiva ndili nayo, iye angobwera ndi flash yoikira Windows.