Kuchotsa diso si kutha kwa khansa, makolo inu

Sabata yatha ndinapita kukazonda kamtsikana ka zaka zitatu m'dera lathu lino, kamene anakachotsa diso chifukwa cha khansa. Mmene munali diso muja mwamera chotupa chofiira, chikope chachita kutukumuka, mafinya akungotsika pa tsaya. Mayi ake angokamanga duku n'kukaika kumbuyo. Nditapempha buku la kuchipatala, ndinapeza masiku okaonedwanso olembedwa bwinobwino, koma sanapiteko n'kamodzi komwe. Bambo ake akuti, "Si anachotsa kale chodwalacho?"

Abale anga, mitu ikugwira koma? Ndi dokotala uti anakuuzani kuti diso likachoka ndiye basi? Khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma imagwira kwambiri ana osakwana zaka 5, ndipo ikatsalira pang'ono imaphukanso m'bowo momwemo, kawirikawiri chaka chisanathe. Imatsatanso mtsempha wa diso mpaka kukafika ku ubongo. Ikafika kumeneko muzikatema mphini pati? Komanso diso latsalalo mukuganiza kuti n'lotetezeka? Nalonso limatha kugwidwa, n'chifukwa chake amati muzibwera nayenso mwana.

Koma ayi, ife ndiye akatswiri. Diso loikirira likayamba kusuntha kapena kugwa lokha, akuti mwana akuliseweretsa. Magazi akatuluka, akuti wadzikanda. Wina akufinyiramo madzi a masamba, wina mkaka wa m'mawere, wina mafuta a kwa mneneri, pamenepo azakhali ali kalikiliki kusaka amene walodza. Mankhwala a khansa a m'dilipi anawathawa pakati, ati mwana akusanza ndipo tsitsi likuthothoka. Tsitsi limameranso, inu!

Za thiransipoti ndikuzidziwa, ulendo wa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central si wa masewera pa mitengo ya masiku ano. Koma banja lomwelo linagulitsa mbuzi kukalipira sing'anga, ndipo bambo sasowa ya kachasu Loweruka. Mudzi wonse udzasonkha ufa ndi nkhuni tsiku la maliro, lero walephera kusonkha ya minibasi?

Nanunso akuluakulu amene anakuchotsani diso chifukwa cha kachotupa koyambira pa choyera cha diso, makamaka amene muli pa ma ARV, musabisale kuseri kwa magalasi akuda. Mukamva chinthu chikukula m'bowomo, chikununkha kapena kutuluka magazi, nyamukani mawa lomwe.

Tsegulani mabuku a kuchipatalawo muone tsiku limene analemba. Manyazi mulibe?