Zigamba za ku South Africa ndi za ku Zimbabwe: pali kusiyana pa kasankhidwe ka mitundu

Quilt ndi nsalu zitatu zosanjikiza: yapamwamba ya zigamba, chofewa cha pakati, ndi yakumbuyo, zonse zogwiridwa ndi ulusi. Masiku ano ambiri amasoka yopachika pakhoma ngati chithunzi, osati yofunda. South Africa ndi Zimbabwe ndi oyandikana, mtsinje wa Limpopo wokha pakati, koma zigamba zawo sizifanana, ndipo chimene chimawasiyanitsa kwambiri ndi nsalu imene wosoka ali nayo m'manja.

Ku South Africa wosoka ali ndi shweshwe, nsalu ya thonje lokhalokha imene kampani ya Da Gama imapanga ku Zwelitsha, m'chigawo cha Eastern Cape, yodziwika ndi chidindo cha Three Cats kumbuyo. Kale inkapezeka ya buluu wakuda, yofiira ndi ya bulauni. Tsopano ilipo yobiriwira, ya pinki ndi ina. Ubwino wake ndi timaluwa ting'onoting'ono tobwerezabwereza. Mukaidula kachigamba ka masentimita 5, kamaonekabe kathunthu, ndipo munthu akaima patali amaona mtundu umodzi. N'chifukwa chake imakhala bwino m'ntchito ya timabokosi ndi mizere, pomwe chithunzi chimatuluka pa kusinthana kwa chakuda ndi chowala. Ngozi yake ili pomwepo: ma shweshwe asanu a buluu wofanana mphamvu, ngakhale maluwa asiyane chotani, amasanduka chibuluu chimodzi chopanda nkhope. Musanasoke, yalani zigamba pansi, jambulani ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Ngati zonse zaoneka zotuwa mofanana, onjezani nsalu yoyera kapena ya buluu wowala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Shweshwe yatsopano imakhala youma gwa ndi sitachi, ndipo mulifupi mwake ndi masentimita 90 basi, kotero werengani bwino pogula. Ichapeni musanadule. Ikachapidwa imafewa, imafupika pang'ono, ndipo ya buluu imatulutsa utoto. Kulumikiza yosachapa ndi nsalu yoyera ndi kudziputira: tsiku loyamba kuchapa, choyera chija chimathimbirira ndipo misoko imachita makwinya. Msoko ukhale wa mamilimita 6 paliponse. Mukaphonya milimita imodzi pa msoko uliwonse, pofika pa zigamba 20 mzere watalika kapena wafupika ndi masentimita angapo ndipo ngodya sizikumananso.

Ku Zimbabwe ntchito yodziwika kwambiri inatenga njira ya nthano. Amayi a ku Weya, kum'mawa kwa Harare, anayamba cha m'ma 1987, mothandizidwa ndi mphunzitsi wa zaluso wa ku Germany, Ilse Noy, kusokerera tizidutswa pamwamba pa nsalu yosalemba: anthu, ng'ombe, nyumba, mitengo, m'zigawo zotsatana zofotokoza nkhani ya pamudzi. Apa mtundu uli ndi ntchito ina. Suyenera kusakanikirana ndi mnzake, uyenera kulekanitsa munthu ndi pamene waima. Mayi wovala zofiira pa nthaka ya bulauni amasowa, pomwe pa nsalu yakuda kapena yotuwa amaonekera patali. Nsalu ya maluwa imasungidwira madiresi ndi maduku okha. Ikalowanso kumbuyo, nkhani imasokonekera. Kachidutswa kalikonse kapindidwe m'mphepete mamilimita 3 mpaka 5, apo ayi kamayamba kusosoka, makamaka timanja ndi timiyendo.

Komweko kulinso batiki ya phala. Amajambula ndi phala la ufa pansalu yoyera, n'kuyanika mpaka liume ndi kung'aluka, kenako amapaka penti wa nsalu, kupala phalalo, ndi kukhwimitsa penti ndi kutentha. Phala likachepa mphamvu penti amalowa pansi ndipo mizere imafufutika. Nsalu yotere ndi yabwino poika kumbuyo kwa tizidutswa chifukwa ming'alu yake imaoneka ngati nthaka youma. Ku Mfuwe, ku Zambia, a kampani ya Tribal Textiles amagwiritsa ntchito njira yofanana ndi imeneyi.

Kwa wongoyamba, njira ya ku Weya ndi yokhululuka: nyumba ikapendekeka pang'ono chithunzi sichifa, ndipo zotsalira za kwa telala zimakwana. Ya shweshwe imafuna muyeso wosaphonya, koma ndi imene imaphunzitsa diso kusiyanitsa chakuda ndi chowala.

Wosoka ndi chitenje asatengere chilichonse mwa ziwirizi mwachimbulimbuli. Maluwa a chitenje ndi aakulu, ena oposa chikhatho, ndipo mukawadula timabokosi ta masentimita 5 mumatsala ndi zidutswa zosadziwika mutu wake. Dulani zigamba za masentimita 15 kapena 20, kapena duwa lathunthu n'kulisokerera monga a ku Weya, ndipo pakati pa zitenje ziwiri ikani mzere wa nsalu yosalemba kuti maso apume. Yesaninso nsalu yake: wotchani kachidutswa. Thonje limasiya phulusa lofewa, poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati mkanda. Mukazisakaniza, simbi yotentha mokwanira thonje imakwinyitsa poliyesitala, ndipo chigamba chimenecho sichidzagonanso.