Woyimbira adziwe chimene lamulo linadzera

Anzanga okonda mpira wamiyendo, lero mundilole ndikambeko za baseball, masewero a ku America aja omenya kampira ndi chibonga. Pali nkhani ya pa 24 July 1983 imene ndimaikumbukira nthawi zonse anthu akamakangana za oyimbira.

Kunali ku Yankee Stadium, mumzinda wa New York. Timu ya Kansas City Royals, posewera ndi eni bwalo a New York Yankees, inali kumbuyo 4-3 m'chigawo chomaliza, cha 9, ndipo kunangotsala kuti munthu mmodzi atulutsidwe, masewero athe. George Brett wa Royals anamenya mpira umene anaponya Goose Gossage wa Yankees, mpirawo n'kukagwera kunja kwa bwalo. Royals inatsogola 5-4. Apo mphunzitsi wa Yankees, Billy Martin, anatulukira n'kuuza woyimbira kuti aone chibonga cha Brett. Osewera amapaka utomoni wa paini pa chogwirira kuti chibonga chisaterereke m'manja, koma lamulo limati utomoniwo usapitirire mainchesi 18. Woyimbira Tim McClelland anagoneka chibongacho pa mbale imene womenya amaima pambali pake, yomwe ndi mainchesi 17 m'lifupi, n'kuona kuti zoonadi wapitirira. Analoza Brett kuti watuluka, Yankees yapambana. Brett anadzambatuka pa benchi ngati njati yolasidwa, moti anachita kumugwira anthu angapo.

Ine ndimati McClelland analakwa, ngakhale anayeza bwino. Lamulo limenelo linabwera chifukwa utomoni ukafika kumutu kwa chibonga umadetsa mipira, mipirayo n'kumatayidwa. Utomoni suwonjezera mphamvu, supititsa mpira patali. Brett sanabere aliyense. Ndiponso a Yankees anali atauona kale utomoniwo, koma anakhala chete kudikira nthawi yoti uwapindulire. Woyimbira wodziwa chiyambi cha lamulolo akanangochotsa chibongacho, masewero n'kupitirira. Ndi mmenenso anagamulira mkulu wa ligi yawo ya American League, Lee MacPhail, a Royals atadandaula. Anabwezeretsa zigoli zija, masewero anamalizidwa pa 18 August, Royals n'kupambana 5-4.

Ena amati ukangolola woyimbira kugwiritsa nzeru zake, watsekulira khomo kukondera. Nkhawa imeneyo ndimaimva, ndipo pali malo amene sindifuna nzeru za munthu ngakhale pang'ono. Pa 2 June 2010 Armando Galarraga wa Detroit Tigers anali atatulutsa omenya 26 motsatizana, kutsala mmodzi kuti akwanitse masewero opanda chilema, chinthu chosowa kwambiri. Woyimbira Jim Joyce ananena kuti Jason Donald wa Cleveland wafika bwino pa malo oyamba amene womenya amathamangirako akamenya mpira, pomwe kanema anaonetsa kuti anali atatuluka. Joyce anavomera yekha kulakwa, anakapepesa, ndipo mawa lake misozi inali mbwembwembwe pamene Galarraga anamubweretsera pepala la maina a osewera. Pamenepo linalephera ndi diso basi, ndipo kanema akanakonza m'mphindi imodzi. N'chifukwa chake sindinadandaule pamene mu 2014 anakulitsa dongosolo lobwereza kanema.

Koma tengani kanema yemweyo mupite naye ku 1983. Akanaonetsa utomoni wopitirira mainchesi 18, kuchokera mbali zonse, momveka bwino, ndipo Brett akanatulutsidwabe. Chimene chinasowa tsiku limenelo chinali funso loti, kodi lamuloli likuteteza ndani, nanga apa wapwetekedwa ndani?

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makina akamachuluka, oyimbira achinyamata azizolowera kudikira kuuzidwa. Azidziwa kuyeza ndi kuwerenga masekondi a wotchi ya woponya mpira imene inayamba mu 2023, koma mphunzitsi wochenjera ngati Martin akadzabwera ndi kandime kamene aliyense anakaiwala, adzasowa poyambira kumuyankha.