Tebulo si tebulo, lekani kunamiza anyamata

Ndakhala ndikudziletsa kuyambira Loweruka koma mtima ukukana. Amene munalipo pa mpikisano wa pool uja pa Dedza boma mukudziwa zimene ndikunena. Malo sinditchula, munthu sinditchula. Anyamata asewera tsiku lonse pa tebulo lam'kati, la mafiti 7, nsalu yake yosalala, mabowo othina bwino. Kufika pa fainolo dzuwa lapendeka, magetsi azima, basi akuti tiyeni tisamukire pakhonde. Tebulo la pakhondelo ndi la mafiti 6, lokalamba, mabowo ake anachita yasa! Mnyamata wa ku Linthipe amene anagwetsa aliyense kuyambira m'mawa anati adandaule, mkulu woyendetsa mpikisanoyo n'kumuyankha pagulu kuti, "Iwe, tebulo ndi tebulo. Wodziwa pool amasewera paliponse." Gemu imodzi yokha. Mnzake wopikisana naye waswa, ndiye kuti wamenya shoti yoyamba yobalalitsa mipira, mipira yayamba kugwera yokha, ina yogunda pakamwa pa bowo n'kulowabe, mpaka blaki, mpira wakuda womalizira gemu. Mwana uja anagwira ndodo kamodzi kokha. Anthu n'kuyamba kumuseka kuti masana onse aja unali mwayi chabe.

Ayi, akuluakulu, ayi. Tebulo si tebulo. Mawu amenewo ndi bodza, ndipo bodza limenelo linalanda mwana wa eni ndalama imene anaigwirira ntchito tsiku lathunthu.

Tiyambe ndi kukula kwake. Matebulo ambiri amene tili nawo m'malo omwera muno, oponya token aja, ndi a mafiti 6 kapena 7, ndipo muyeso umenewo ndi wa kunja, kuphatikiza matabwa. Pa tebulo la mafiti 7, malo enieni oyendapo mpira ndi pafupifupi mafiti 6 m'litali ndi 3 m'lifupi. La mafiti 6 ndiye lochepa kuposa pamenepo. Limene mumaona pa TV pa mipikisano ya pool ya ku America ndi la mafiti 9, poyenda mpira pake ndi masentimita 254 m'litali ndi 127 m'lifupi. La snooker ndi la mafiti 12. Onsewa mukuti ndi amodzi? Dzanja likapatuka pang'ono chabe, digiri imodzi, mpira ukayenda mita imodzi umakhala utasochera ndi pafupifupi masentimita 1.7. Ukayenda mamita 2 wasochera ndi 3.5. Kulakwitsa kwake ndi komweko, dzanja lomwelo, koma pa tebulo laling'ono mpira umafika pa bowo usanasochere kwenikweni, pomwe pa lalikulu umakagunda mphira wa m'mphepete mwa tebulo n'kubwerera. Tebulo lalifupi limabisa dzanja lonjenjemera, lalitali limaliulula.

Ndiye bwerani pa mabowo, pakuti nkhani yaikulu ili pamenepa. Mipira yathu ndi ya mainchesi 2, pafupifupi mamilimita 51. Chimene chimapangitsa shoti kukhala yovuta kapena yophweka ndi mpata umene umatsala pakati pa mpira ndi milomo ya bowo. Mpata umenewo ndi waung'ono kale, kotero bowo likangokula ndi sentimita imodzi, masewera onse asintha. Anthu amaona ngati sentimita si kanthu. Pa pool sentimita ndi imene imasiyanitsa mpira wolowa ndi mpira wovina pakamwa n'kutuluka. Bungwe loyendetsa pool padziko lonse, la WPA, linachita kulemba m'malamulo ake kuti bowo la pakona pa matebulo akuluakulu aja likhale pakati pa mainchesi 4.5 ndi 4.625. Mipira ya kumeneko ndi ya mainchesi 2.25, ndiye kuti iwiri ikagundizana imadzaza pakamwa pa bowo ndendende. Anthu amenewo sanapenge kuti azilemba mpaka tizidutswa ta inchi. Akudziwa kuti bowo ndilo limaweruza gemu.

Matebulo athu a mipira ing'onoing'ono ali ndi milomo yozungulira, osati yodulidwa mowongoka ngati a ku America, ndipo tebulo labwino la mtundu umenewu silingalole mipira iwiri kulowa limodzi pakona. Mpira ukakhala wogona ku mphira, uyenera kuuperekeza mofatsa, ukaumenya mwamphamvu umagunda mlomo uwu, mlomo uwo, n'kulavulidwa. Bowo la pakati ukalibwerera chammbali limakana. Luso lonse la pool lili pamenepo: kudziwa mphamvu, kudziwa poyimitsa waiti, mpira woyera umene timamenya ndi ndodo, kuti shoti yotsatira ikhale yowongoka, kudziwa nthawi yobisa waiti kuti mnzako asowe pomenya m'malo mothamangira kugwetsa. Pa tebulo la pakhonde lija, anthu atabalalika ndinatenga mipira iwiri n'kuiika pakona. Inalowa yonse pamodzi, chala changa n'kupezanso malo. Ndiye muzindiuza kuti tebulo ndi tebulo?

Wina anena kuti, koma onse awiri anasewera pa tebulo lomwelo, chinavuta n'chiyani? Chinavuta n'chakuti tebulo la mabowo oyasama limafananitsa anthu osafanana. Pamene pali pophweka, wodziwa ndi wosadziwa onse amagwetsa. Amene wayamba kuswa ndi amene wapambana. Zaka zimene munthu wathera pophunzira kuyendetsa waiti zimasanduka zopanda ntchito, pakuti mnzake akungomenya mwamphamvu n'kumayembekeza kuti china chake chilowa, ndipo chikulowadi. Mukafuna kudziwa katswiri, m'patseni bowo lothina ndi magemu angapo, osati imodzi. Mukafuna mwayi, nenani poyera kuti lero tikuchita maere, anthu asavutike ndi kulembetsa. Mwayesa anthu tsiku lonse ndi muyeso wina, pa fainolo mwatulutsa muyeso wina, kenako mukuti mwapeza shasha. Simunapeze shasha. Mwapeza munthu amene anaswa koyamba.

Inde, tebulo laling'ono nalo lili ndi vuto lake, mipira 15 imapanikizana, njira zimatsekeka. Koma zimenezo zimagwira ntchito ngati mabowo ali bwino. Mabowo akayasama, kupanikizanako kumangothandiza kuti mipira izikankhana n'kumagwera yokha.

Chifukwa chake mabowo amayasama tonse tikuchidziwa: mphira unatha kalekale, ndipo eni ake sizikuwakhudza poti gemu ikamatha msanga ma token amalowa ambiri.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi anyamata athu. Pitani pa Chimbiya, pa Lizulu, pa Tsangano turn-off, pa Kampepuza, paliponse mupeza mnyamata amene anzake amamutcha shasha. Tebulo lake ndi limodzi lomwelo chiyambireni, amadziwa mbali imene limapendekera, amadziwa bowo limene limameza chilichonse. Palibe amene anamuuzapo kuti kunja kuno kuli matebulo ena. Tsiku lopita ku Lilongwe kukasewera pa tebulo loyezedwa bwino, amabwerako mutu uli pansi, akuti anandichita mankhwala. Palibe anakuchita mankhwala, mphwanga. Bowo lakwanu linakunamiza, ndipo akuluakulu amene amayenera kukuuza zoona ndi omwewo akuti tebulo ndi tebulo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kasewereni pa matebulo ovuta, muluze, mulipire token, mubwererenso. Amene akukuuzani kuti zonse ndi zimodzi sakukufunirani zabwino.

Ndipo inu oyendetsa mipikisano, ndalama yolembetsera mumatolera mosaphonya ngakhale tambala. Chikukuvutani n'chiyani kunena kuyambira pachiyambi kuti mpikisano uno ndi wa pa tebulo lakuti, mafiti akuti, ndipo fainolo ikhala pomwepo? Tepi yoyezera ili ndi kalipentala aliyense pamsika. Magetsi akazima, dikirani, kapena bweretsani nyale ya sola, kapena imitsani mudzamalize mawa. Kuzima kwa magetsi si kwachilendo kuno kuti kukudzidzimutseni. Kusamutsa fainolo kupita pa tebulo lina n'chimodzimodzi kusintha malamulo gemu ili mkati. Mukanachita zimenezo kwa mwana wanu, mukanavomera? Mukanaimirira pagulu n'kumuuza kuti wodziwa amasewera paliponse?

Ngakhale waiti yemweyo sali wofanana paliponse. Pa matebulo a token, waiti nthawi zambiri amakhala wocheperako kuposa mipira inayo kuti akagwera m'bowo azitulukira kwake. Kwina waiti weniweni anasowa, anangotola mpira wina uliwonse woyera, wolemera mwina. Woteroyo amavuta kubwerera m'mbuyo ngakhale um'menye pansi. Koma akuti tebulo ndi tebulo.

Ndisanaiwale, eni malo, matebulo anuwa mukuwasamala bwanji? Tebulo likugona pakhonde chaka chonse, kuno ku Dedza kumene June ndi July nkhungu imachita kulowa m'nyumba. Nsalu imamwa chinyezi, mpira umayenda ngati watopa, mphira umauma gwa. Mwendo umodzi mwauika pa katoni, wina pa chidutswa cha njerwa, mpira ukamayenda pang'onopang'ono umakhota wokha kulowera kumene kwatsika. Nsalu yang'ambika mwamata ndi selotepi. Ndodo zopindika, zina zopanda nsonga, choko palibe, anyamata akuchita kupaka ndodo laimu wa pakhoma. Tebulo mwalikankhira pakona moti munthu akafuna kumenya shoti ya ku mphira ndodo ikugunda khoma, mpaka aimike ndodo chilili. Wina waikapo botolo la mowa pa nsalu, inu muli phee kuwerenga ndalama. Koma mtengo wa token ndiye mumakweza osachedwa, tsiku limene zinthu zakwera ku golosale inunso mwakweza. Ndalama zonsezo zikupita kuti, osagula ngakhale bokosi limodzi la choko?